Za Uglich, Dooko la pa Mtsinje wa Volga

M'masamba ano mwazolowera kupeza maulaliki olalikidwa pa masiteshoni athu. Koma mwezi uno tapatula malo kuti tikufotokozereni za mudzi wina wa kutali, m'dziko la Russia, dzina lace Uglich. Suli mudzi waukuru ai, pakuti anthu ace angopitirira pang'ono 30,000. Koma pa zaka zambiri unali dooko loyamba limene sitima za alendo zinakocezapo pocokera ku Moscow kunka ku St Petersburg. Ndipo pomwepo anthu a maiko ambiri anaonetsedwa, m'maora atatu kapena anai okha, zinthu ziwiri: machalichi akale a m'mbali mwa mtsinje, ndi m'kati mwa nyumba ya munthu wamba. Ife tiyesa kuti ziwirizi zimasulirana, ndi kuti iye amene anaona cimodzi cokha anabwerera kwao ndi theka la nkhani.

Poyamba tinene za njira. Aphunzitsi okhala ndi mapu a Ulaya aonetse ana mtsinje wa Volga, umene uposa mitsinje yonse ya Ulaya m'litali mwace, ndiwo makilomita 3,530, nutsira m'nyanja ya Caspian. M'nyengo ya cisanu madzi ace aundana pamwamba, nauma gwa ngati mwala, kotero kuti munthu aoloka ndi mapazi. Cifukwa cace sitima ziyenda kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala, nizigona pa dooko miyezi yotsalayo. Mzinda wa Moscow suli pa Volga. Cimene ciulumikiza ndi mtsinjewo ndi ngalande ya makilomita 128, yokumbidwa kuyambira 1932 kufikira 1937, masiku a Stalin. Ndipo oikumba anali andende, amene anafa pa nchitoyo zikwi zambiri. Sitima itsika m'ngalandemo podzera m'zipata za madzi: ilowa m'cipinda ca makoma aatali, zitseko zitsekedwa, madzi acepetsedwa pang'ono pang'ono, ndipo sitima itsika nao kufikira yalingana ndi madzi a kutsogolo.

M'mawa mwace, sitima isanafike ku Uglich, alendo aona cinthu cozizwitsa: nsanja ya mabelu, yaitali mamita 74, iri ciriri pakati pa madzi, yopanda chalichi cace. Ndiyo ya mudzi wa Kalyazin, yomangidwa m'caka ca 1800. Pamene boma linachinga Volga pa Uglich kuti lipange magetsi, nchito imene inayamba mu 1935 niyatsa makina oyamba mu 1940, madzi anabwerera m'mbuyo namiza cigawo cakale ca Kalyazin. Chalichi anacigumula, koma nsanja anaisiya. Nchito iyinso inagwiridwa ndi andende. Titero kuti mudziwe kuti madzi a bata amene alendo akondwera nao sanakhala cotero ciyambire; pansi pao pali minda ndi mabwinja.

Dzina la Uglich ambiri ati licokera ku liu la cinenero cao lakuti ugol, ndilo ngondya, pakuti pamenepo mtsinje ukhota msanga ngati cigongono. Sungani liu limeneli, tidzakomana nalonso m'nyumba. Eni mudzi awerenga ciyambi cace kucokera caka ca 937, koma m'mabuku a mbiri dzina lace liyamba kuoneka mu 1148.

Sitima itaturuka m'cipata cotsiriza, maso onse agwa pa chalichi cacing'ono ca pamtunda, m'mphepete mweni mweni mwa madzi: makoma ace ofiira, madenga ace asanu obulungira ngati anyezi, a mtundu wa thambo, okhala ndi nyenyezi zagolidi. Acicha Chalichi ca Dmitry ca pa Mwazi. Cinatsirizidwa mu 1692 pamalo pamene mwana wa mfumu anafera. Ndipo nkhani ya mwanayo tiyenera kuinena mosafulumira, pakuti popanda iyo sitima sizikadaima pano.

Mfumu yaikuru ya Russia, imene iwo aicha Tsar, Ivan wacinai, wochedwa Woopsa cifukwa ca nkhanza zace, inamwalira m'caka ca 1584, nisiya ana amuna awiri. Wamkuru, Fyodor, analowa ufumu. Koma anali wofoka, wokonda mapemphero koposa milandu, kotero kuti wolamulira weni weni anali mlamu wace, Boris Godunov. Wamng'ono, Dmitry, wobadwa mu 1582, anali mwana wa mkazi wotsiriza wa Ivan, Maria Nagaya. Mpingo wa Orthodox sulola munthu kukwatira koposa katatu, ndipo Ivan adapitirira kale ciwerengero cimeneco. Cifukwa cace panali onena kuti mwanayo sayenera ufumu. Koma popeza Fyodor analibe mwana wamwamuna, yense anadziwa kumene maso adzayang'ana iye akadzafa. Tsono anacotsa mwana ndi amace ndi atsibweni ace ku Moscow, nawakhazika ku Uglich. Pambuyo pace anatumiza mlembi wa boma, Mikhail Bityagovsky, ayang'anire cuma ca nyumbayo, ndipo iye ndi abale a mfumukazi anakangana kawiri kawiri pa za ndarama.

Tsiku la 15 Meyi 1591, monga mwa kawerengedwe kao kakale ka masiku, dzuwa liri pamutu, mwanayo, wa zaka 8, anali kusewera pabwalo ndi anzace masewera oponya mpeni pansi. Mwadzidzidzi kunamveka kulira. Amace poturuka anampeza ali gone, bala liri pakhosi, ali kutsirizika. Pomwepo anapfuula kuti anthu a ku Moscow amupha; wina anakwera nsanja naomba belu; a m'mudzi anathamangirako ndi nkhwangwa ndi zibonga, napha Bityagovsky, ndi mwana wace, ndi ena oposa 10, wopanda mmodzi wofunsidwa mlandu.

Atapita masiku owerengeka anafika akuru ocokera ku Moscow kudzafunsa mlandu, wotsogolera wao ndiye Vasily Shuisky, wa pfuko la mafumu. Anafunsa anthu oposa 100, ndipo makalata a mlanduwo asungika kufikira lero. Anaweruza kuti mwana anali ndi nthenda ya khunyu, imene idamgwira kale kangapo, ndi kuti inamgwetsa mpeni uli m'dzanja, nadzilasa yekha. Potero olakwa anakhala amace, ndi atsibweni ace, ndi eni mudzi, opha anthu a boma popanda cifukwa. Maria anammeta, nambveka zobvala za akazi odzipatula, namtumiza kutali kumpoto. Abale ace anamangidwa. A m'mudzi ena anaphedwa, ena anadulidwa malilime, ndi mabanja ena anaingitsidwa kunka ku Siberia.

Ndipo belu lomwe analiweruza ngati munthu. Analigwetsa pa nsanja, nalizula lilime, nalidula khutu, ndilo copacikira cace, nalikwapula pabwalo zikoti 12, nalitumiza ku Tobolsk, m'Siberia, ku tsidya lija la mapiri a Ural, monga acitira wopandukira boma. Ndipo mbiri iti oingitsidwa aja analikoka okha panjira, lolemera makilogalamu monga 300. Kapena museka. Koma lingalirani: masiku amenewo belu ndilo linali mau a mudzi, loitana anthu ku mapemphero, ku moto ndi ku nkhondo, monga ng'oma ya pabwalo la mfumu, ndipo boma polizula lilime linali kuuza mudzi wonse kuti ukhale cete. Linakhala kumeneko zaka 300, nilibwezedwa m'caka ca 1892, eni Uglich atalipempha. Lero lipacikidwa m'kati mwa chalichi ca pa Mwazi, ndipo wotsogolera alendo aliomba kuti amve mau ace. Alipo okayika, onena kuti belu leni leni linasungunuka pa moto umene unatentha Tobolsk mu 1677, ndi kuti ili nlolowa m'malo. Koma ku Uglich alicha belu lomwelo.

Akuru athu ati mlandu suola. Fyodor anamwalira mu 1598 wosasiya mwana, ndipo nyumba yacifumu ya Moscow inathera pa iye. Godunov anakhala Tsar. Kunagwa njala yoopsa zaka zitatu, 1601 kufikira 1603, ndipo anthu ananong'onezana kuti ndico cilango ca mwazi wa ku Uglich. Pamenepo ku Poland kunabuka mnyamata wonena kuti iye ndiye Dmitry, kuti anapulumuka, ndi kuti wakufayo anali mwana wina. Anadza ndi nkhondo; Godunov anafa mu 1605; mnyamatayo analowa m'Moscow nabvekedwa ufumu, ndipo Maria yemwe, atatengedwa kumene anali, anambvomereza pamaso pa anthu kuti ndiye mwana wace.

Tsono penyani Shuisky. Mu 1591 anati mwana anadzilasa yekha. Mu 1605 anati mwana sanafa, ndi uyu. Mu 1606 anapangira ciwembu mfumu yonyengayo, naiphetsa, nalowa ufumu iye mwini. Ndipo pofuna kutseka pakamwa yense amene akadzadzichanso Dmitry, analalikira kuti mwana anafadi ku Uglich, wophedwa ndi anthu a Godunov. Anafukula mtembo, nautengera ku Moscow, ku chalichi ca Mikayeli mkuru wa angelo kumene agona mafumu. Ndipo Mpingo unawerengera mwanayo pamodzi ndi oyera mtima caka comweco. Mboni imodzi, maumboni atatu, ndipo uli wonse unagwirizana ndi cosowa ca mwini wace tsiku limene anaunena. Ngakhale cotero onyenga ena anabukabe, ndipo dziko linabvutika ndi nkhondo kufikira 1613, pamene anasankha Mikhail Romanov. Uglich womwe unatenthedwa ndi ankhondo a ku Poland m'zaka zimenezo.

Zithunzi zojambulidwa pa makoma a chalichi ca pa Mwazi m'caka ca 1772 zionetsa umboni wacitatuwo wokha: mwana ali kuphedwa, ndi khamu liri kubwezera. Wolemba mbiri Karamzin anatsata womwewo, ndi Pushkin m'sewero lace la Boris Godunov, kotero kuti unakhazikika m'mitima ya anthu. Koma ophunzira mbiri a masiku ano agawikana, ndipo ambiri a iwo ayesa kuti Shuisky ananena zoona poyamba paja. Ife sitiri oweruza a mlandu wa zaka zoposa 400 zapitazo. Cimene tinena ndi ici, kuti khoma lojambulidwa bwino siliri mboni yoona ndi maso. Linajambulidwa zitapita zaka 181 mwanayo atafa. Koma mlendo wa maora atatu aturuka m'menemo ali wotsimikiza mtima koposa iwo amene anawerenga makalata onse a mlanduwo.

Pafupi pomwepo, m'linga lakale limene acha kremlin, muli nyumba ya njerwa ya mafumu a Uglich, ya zaka za m'ma 1480, ndi chalichi cacikuru ca Kusandulika kwa Ambuye, cotsirizidwa mu 1713, cimene denga lace liima popanda mzati ndi umodzi womwe pakati. Kunja kwa linga kuli nyumba ya amonke ya Alexeyevsky, yoyambidwa mu 1371, m'mene muli chalichi ca nsonga zitatu, ca 1628, cimene anthu anacicha Cozizwitsa, pakuti cinamangidwa dziko litangoturuka m'mabvuto aja. Ndipo m'mphepete mwa madzi muli ca Yohane Mbatizi, ca 1690, cimene wamalonda wina, Chepolosov, anacimanga cikhale cikumbutso ca kamwana kace kophedwa ndi wanchito wa iye mwini. Potero mudzi umodzi uli nao machalichi awiri a mwazi wa ana, wina wa mfumu, wina wa wamalonda. Koma alendo a pa sitima kawiri kawiri nthawi iwathera asanafike ku caciwirico.

Wolowa m'chalichi ca Orthodox nthawi yoyamba afuna funa pokhala, osapapeza. Mulibe mipando yondandalika. Anthu aimirira mapemphero onse, ngakhale maora awiri kapena atatu, okalamba okha ndiwo akhala pa mabenci a m'mbali. Mulibe limba kapena ng'oma. Nyimbo ndi mau a anthu okha, ndipo amuna a mau a pansi amveka ngati bingu la kutali. Kutsogolo kuli khoma la zithunzi zopatulika, mizere mizere kukwera kudenga: aneneri, atumwi, Mariya ndi Mwana, Ambuye pa mpando wace, ndipo guwa liri kuseri kwace, lioneka pokha pokha zitseko za pakati zitatsegulidwa. Ena a ife, oleredwa m'machalichi a makoma oyera opanda cithunzi, tikhumudwa poona munthu ali kupsompsona thabwa lojambulidwa. Iwo ayankha kuti salambira thabwa ai, koma ulemu unka kwa iye wojambulidwayo. Ndi kuti popeza Mwana wa Mulungu anabvala thupi looneka, nkololeka kumjambula. Nkhaniyi inaweruzidwa pa msonkhano wa ku Nicaea wa caka ca 787. Sitinena kuti mubvomere; tinena kuti mudziwe yankho lao musanawatsutse. Cikristu cinakhazikika kwao mu 988, pamene mfumu Vladimir wa ku Kyiv anabatizidwa. Ndipo mapemphero ao acitika kufikira lero m'Cisilavo cakale, cocokera ku nchito ya abale awiri, Cyril ndi Methodius, amene anayamba kumasulira Malembo m'cinenero ca Asilavo m'zaka za m'ma 860.

Koma mlendo wocenjera azindikira msanga kuti chalichi ca pa Mwazi ciri m'manja mwa osunga zinthu zakale, ndi kuti alowamo atalipira pakhomo. Cifukwa cace ndi ici. Boma la Akomyunisti, lolowa mu 1917, linayesa cipembedzo mdani wace. Lisanadze, m'Russia munali machalichi oposa 50,000. Pofika 1939 otseguka anatsala mazana owerengeka m'dziko lonse lija. Ansembe zikwi zambiri anaphedwa kapena kumangidwa, makamaka mu 1937 ndi 1938. Lamulo la 1929 linaletsa mipingo kuphunzitsa ana, kusonkhanitsa akazi kapena anyamata, ndi kuthangata aumphawi. Linangolola mapemphero a m'kati mwa makoma. Mabelu anagwetsedwa nasungunulidwa. La ku Uglich lija linatsala pokhala cinthu ca mbiri, losaitananso munthu ku pemphero. Machalichi ambiri anasanduka nkhokwe za tirigu ndi mosungira akatundu. Nyumba ya amonke ya Pokrovsky, pafupi ndi Uglich, inagumulidwa, ndi malo ace anamizidwa ndi madzi a damu lija.

Ndipo mu 1937 boma powerenga anthu linafunsa yense wa zaka 16 ndi mphambu ngati akhulupirira. Oposa theka anayankha kuti inde, angakhale anadziwa kuti yankho lilembedwa pamodzi ndi dzina lao. Boma linabisa ciwerengero conse, pa cifukwa ici ndi cinanso, cakuti anthu anapezeka ocepa koposa m'mene linayembekezera. Nilimanga akuru oyang'anira nchitoyo, ena niliwapha. Tsono funso ndi ili: machalichi atatsekedwa, ophunzitsa Mau ataletsedwa, anthu amenewa anapemphera kuti? Yankho liri m'cinthu caciwiri cimene alendo anaonetsedwa.

Makampani a sitima, monga Viking ndi ena, anapangana ndi mabanja ena a m'Uglich kuti alandire alendo ora limodzi. Anawagawa timagulu tating'ono, kali konse ndi womasulira wace, nawatengera pa basi ku makwalala a m'mbali mwa mudzi, kumene nyumba zambiri nza mitengo yosanjikizana, ndi mazenera ozokotedwa maluwa m'mphepete mwace. Mwambo wao ndi kubvula nsapato pakhomo. M'nyumba zakale cinthu cacikuru ndi ng'anjo ya njerwa, yotenga malo aakuru m'cipinda. Iphika, ifunditsa nyumba usiku wonse, ndipo pamwamba pace pali pogona okalamba ndi ana. Pansi pa matabwa opondapo pali dzenje, ndiyo nkhokwe yao, m'mene asunga mbatata ya kacewere, ndi mabotolo a nkhaka, kabici ndi bowa zobviika m'madzi a mcere. Kuseri kuli dimba. Nyengo yolima njaifupi, miyezi inai kapena isanu, ndipo cimene sicinalowa m'botolo pofika Seputembala sicidzaoneka pa gome mu Februwale. Alimi a kwathu sakadasowa womasulira pa cimeneci.

Pa gome anaika mkate wakuda, nkhaka zamcere, mbatata yophika, timikate toocha tokhala ndi kabici kapena maapulo m'kati, ndi jamu wa zipatso. Tiyi acokera m'samovar, ndiwo mtsuko wa mkuwa wokhala ndi cumuni ca makala pakati pace ndi kampopi m'munsi. Masiku ano yambiri njamagetsi. Liu lao la kucereza alendo lipangidwa ndi mau awiri, mkate ndi mcere. Ndipo sitibisa kuti panalinso kacasu wao wa panyumba, wochedwa samogon, amene mwini nyumba anathira m'timatambula, nanena mafuno abwino asanamwe. Mowa waukali wapha amuna ambiri m'Russia asanakalambe, ndipo akazi a kumeneko adziwa ici koposa ife.

Ocereza ambiri anali anthu acikulire, opuma pa nchito. M'Uglich munali fakitale yaikuru ya mawochi ochedwa Chaika, imene inalemba anthu zikwi zambiri masiku a Soviet Union. Koma dzikolo litapasuka mu 1991 fakitale inafoka, nigwa m'zaka za pambuyo pa 2000, ndipo mabanja ambiri anatsamira pa penshoni, pa dimba, ndi pa alendo. Nkhani za pa gome zinali zomwe zija za pa gome liri lonse: ana okhala ku mzinda, mtengo wa zinthu, kuzizira kwa caka catha, ndi zithunzi za ukwati zoyenda dzanja ndi dzanja.

Tsono kwezani maso ku ngondya ya cipinda. Pamenepo, m'mwamba, pali kathabwa, ndi pa iko zithunzi zopatulika ziwiri kapena zitatu, ca Ambuye, ca Mariya, kawiri kawiri ndi ca Nikolasi woyera, zokutidwa m'mbali ndi nsaru yopetedwa, ndi kanyali ka mafuta patsogolo pao. Aicha krasny ugol, ngondya yofiira; koma m'cinenero cao cakale liu lakuti cofiira ndi lakuti cokongola linali limodzi. Ndilo liu lija tinati mulisunge. Monga mwa mwambo wakale, wolowa m'nyumba ayamba kuweramira ngondyayo asanalonjere eni nyumba, ndipo mlendo wolemekezeka akhazikidwa pansi pace. Akomyunisti anazindikira mphamvu yace, kotero kuti analanda dzinalo, naika ngondya zofiira zao m'masukulu ndi m'mafakitale, ndi cithunzi ca Lenin m'malo mwa ca Kristu. M'nyumba za aphunzitsi ndi anchito a boma zithunzi zinatsitsidwa nizibisidwa m'bokosi kapena kudenga, pakuti munthu akadataya nchito cifukwa ca izo. Koma m'nyumba za agogo aakazi, amene analibe nchito yoti alandidwe, zambiri sizinatsika konse. Iwo ndiwo anatenga adzukulu m'tseri kukabatizidwa ku mudzi wina kumene sadziwika, nawaphunzitsa Pemphero la Ambuye pakamwa, napaka mazira utoto wofiira pa Paskha. Pamene ufulu unayamba kubwera mu 1988, caka cokumbukira zaka 1,000 za ubatizo wa dzikolo, machalichi anatsegulidwanso limodzi limodzi. Ndipo oyamba kulowamo ndi tsace ndi ndowa anali akazi otere ndi ana ao. Sitinena kuti nyumba iri yonse ya m'Uglich iri nayo ngondya yotere, kapena kuti onse okhala nayo apemphera. Ambiri a ku Russia adzicha a Orthodox, koma ofika ku chalichi Sabata ndi Sabata ngowerengeka. Ndipo zithunzi zina zakhala pamenepo cifukwa zinali za amai.

Wina adzafunsa, Kodi kucereza kolipidwa ndiko kucereza? Pakuti kampani inalipira eni nyumba, ndipo banja lomwelo linalandira gulu lina sitima ina itafika, ndi nkhaka zomwezo ndi nthabwala zomwezo. Funsolo nloyenera. Mlendo sanaona nyumba monga ikhala Lolemba m'mawa. Anaona nyumba yosesedwa. Mau onse anadzera m'kamwa mwa womasulira. Ndipo wofunsa za boma asadabwe akangodzaziridwa kapu yace, pakuti anthu amene makolo ao anaona caka ca 1937 saulula za m'mtima kwa munthu wa ora limodzi. Mlendo ndi mame. Koma ife sitiona manyazi pa mkazi wamasiye wolandira malipiro a tiyi wace ndi nthawi yace. Ndiponso ziripo zinthu zimene munthu sangazikonze cifukwa ca alendo. Ng'anjo inamangidwa cifukwa ca cisanu, dzenje linakumbidwa cifukwa ca njala, ndipo mwaye wa kanyali pa denga la ngondya ija sunada tsiku limodzi. Pa makoma a pa Mwazi mlendo anaona cimene mafumu anafuna kuti cikumbukike. M'nyumba, akakhala ndi maso, anaona cimene boma linafuna kuti ciiwalike, cosaiwalika.

Zambiri za izi tazinena monga zapita, ndipo pali cifukwa. Mliri wa 2020 unaimitsa maulendo. Ndipo pa 24 Februwale 2022 ankhondo a Russia analowa m'Ukraine, dziko lija la Kyiv kumene ubatizo wao unayambira. Makampani a ku Ulaya ndi America analeka maulendo ao a pa Volga caka comweco. Mkuru wa Mpingo wa Russia, Patriarch Kirill, anaima ndi boma pa nkhondoyo. Ansembe monga 300 analemba maina ao pa kalata yopempha kuti ileke, ndipo ena onena za mtendere analipitsidwa kapena kulandidwa unsembe. Mpingo womwewo unatsegula nthambi yace mu Africa kumapeto kwa 2021, kotero kuti kapena ena a inu mudzakomana ndi ansembe ace osaoloka nyanja.

Sitima zikocezabe pa Uglich m'miyezi yofunda, koma okweramo ambiri tsopano ndiwo eni dziko, amene sasowa womasulira, ndiponso sasowa kuonetsedwa ng'anjo ndi nkhaka. Atsika, napita pakati pa ogulitsa malonda a m'njira ya ku linga, namva belu liombedwa. Ndipo lipenga la sitima likalira abwerera. Kucokera pamenepo sitima itsata Volga kunka kumpoto, nilowa m'nyanja yopangidwa ndi anthu ya Rybinsk, nipita pafupi ndi pamene pagona Mologa, mudzi wina wa machalichi umene unamizidwa wathunthu m'zaka za m'ma 1940. Zaka za cirala, madzi akaphwa, maziko a nyumba zace ndi miyala ya m'makwalala mwace zioneka, ndipo adzukulu a eni ace ankako pa ngalawa kukaponda pamene panali makomo.